Kodi munthu angagonje nthawi iliyonse pa Commander ya anthu anayi?

Gologolo wa ku Katoto

Moni kwa nonse amene mumasewera makhadi a Magic: The Gathering kuno ku Mzuzu. Ndabwera ndi nkhani imene yatisiya osamvana pagulu lathu kuyambira Loweruka lapitali, ndipo ndikupempha amene mumadziwa bwino malamulo kuti mutiunikire, chifukwa gulu lathu ndi laling'ono kale ndipo sindikufuna kuti libalalike chifukwa cha masewera amodzi.

Tinali anayi kunyumba kwanga tikusewera Commander, aliyense ndi deki yake ya makhadi 100 ndi moyo 40 poyambira monga mwa nthawi zonse. Patapita pafupifupi maola awiri ine ndinali nditatsala ndi moyo 6, ndipo patsogolo panga panali chilombo chimodzi chokha chokhala ndi lifelink, mphamvu yoti chikamenya, moyo wa wochilamulira umakwera. Mnzathu wina, amene sindimutchula dzina chifukwa cholinga changa si kumuchititsa manyazi, anali ndi zilombo zitatu zikuluzikulu za mphamvu 18 zikaphatikizidwa, koma moyo wake unali 9. Wachiwiri anali ndi moyo 17, wachitatu anali ndi 33. Nthawi yanga yosewera itakwana ndinathira mana (mphamvu yolipirira makhadi) yanga yonse 8 pa Insurrection, khadi limene limakupatsa zilombo zonse za patebulo mpaka nthawi yako ithe, ndipo panalibe amene analiletsa. Zilombo zitatu za mnzathuyo ndinazitumiza kwa wa moyo 17 uja, ndipo zotsala zonse pamodzi ndi changa cha lifelink ndinazitumiza kwa mwini wa zitatu zija. Mwa kuwerengera kwanga anthu awiri akanatuluka pomwepo, moyo wanga ukanakwera, ndipo ndikanatsala ndi mdani mmodzi.

Nditangomaliza kunena kumene chilombo chilichonse chikupita, mnzathuyo ananena kuti wagonja, n'kutola makhadi ake onse, kuphatikizapo zilombo zitatu zimene zinali mbali yanga, n'kuwaika m'bokosi. Wa moyo 17 uja anapulumuka wosakhudzidwa n'komwe, lifelink yanga sinandipatse kanthu, ndipo zilombo zitabwerera kwa eni ake iyeyo anandimaliza pa nthawi yake yotsatira, kenako n'kupambana masewera onse.

Mnzathuyo akuti lamulo limalola munthu kugonja nthawi iliyonse imene wafuna. Ine ndikuti kumeneko sikunali kugonja koma kunyanyala, chifukwa sanapite kulikonse: anakhala pampando womwewo akumwa tiyi ndi kuonerera mpaka masewera anatha. Ndikufuna kudziwa ngati zimene akunena za lamulo zili zoona, ngati makhadi ake anayenera kuchoka nthawi yomweyo ngakhale kuti ndinkawalamulira ndine, komanso mmene magulu ena amachitira kuti zoterezi zisamabwerezedwe. Sindikufuna lamulo loletseratu kugonja, poti ena mwa ife amakhala kutali ndipo kukada amayenera kunyamuka.

Kadzidzi wa ku Chiputula

Achimwene a ku Katoto, ndiyankha kaye mbali ya malamulo, ndipo mundikhululukire chifukwa yankho lake silikukomerani. Mnzanuyo sanaphwanye lamulo lililonse lolembedwa. M'malamulo aakulu amene kampani ya Wizards of the Coast imatulutsa, otchedwa Comprehensive Rules, ndime 104.3a imalola wosewera kugonja nthawi iliyonse, ndipo akagonja amatuluka m'masewera nthawi yomweyo ngati woluza. Safunika kudikira mpata wake woyankha, ndipo kugonja sikupita pa stack (pamene makhadi oponyedwa amadikira kuti ena ayankhe asanagwire ntchito), choncho palibe khadi limene mungaponye kuti mukuletse.

Lamuloli ndi lamphamvu kuposa mmene ambiri timaganizira. Ndime 101.1 imanena kuti mawu olembedwa pa khadi akasemphana ndi malamulo, khadi ndilo limapambana, ndipo pa mfundo imeneyi pali chinthu chimodzi chokha chimene khadi silingachotse, chomwe ndi ufulu wogonja. N'chifukwa chake munthu amene ali ndi Platinum Angel patebulo, khadi lonena kuti mwini wake sangaluze ndipo adani ake sangapambane, akhozabe kugonja. Chimodzimodzi ndi Mindslaver: mukhoza kulamulira nthawi yonse yosewera ya mnzanu, kumutayitsa makhadi ake abwino ndi kutumiza zilombo zake ku imfa, koma simungamugonjetse m'malo mwake, ndipo iye akhoza kugonja yekha ngakhale ali m'manja mwanu. Ine ndimaona kuti nzeru yake ndi yosavuta kumva. Masewera sangamange munthu pampando, ndipo makhadiwo ndi katundu wake. Ambiri a ife timachita kutumiziridwa ndi abale a ku Johannesburg kapena kwina kutali, ndiye palibe lamulo limene lingauze munthu kuti asiye deki yake m'nyumba ya wina pamene iye akufuna kupita.

Vuto ndi loti ufulu umenewu suvulaza aliyense pa masewera a anthu awiri. Kuyambira pamene Richard Garfield anapanga Magic n'kutuluka mu 1993, mipikisano yambiri yakhala ya anthu awiri, ndipo pamenepo kugonja kuli ngati pa bawo: ukaona kuti nkhomo zako zatha n'kuvomera, mnzako wapambana, palibe wachitatu wodandaula. Commander anayambitsa ndi osewera okha, ndipo kampaniyo inayamba kugulitsa madeki ake okonzeratu mu 2011. Pa tebulo la anthu anayi munthu akatuluka amasiya atatu akusewerabe, ndipo mmene watulukira pamasintha amene apambane.

Pa funso lanu lachiwiri, yankho lili pa ndime 800.4a, ndipo pofunika kumvetsa ndi kusiyana kwa mwini khadi ndi amene akulilamulira. Wosewera akatuluka, chilichonse chimene iye ndi mwini wake chimatuluka naye, kaya chili m'manja mwake, m'manda, pa stack kapena mbali ya wina. Zilombo zitatu zija munkazilamulira ndinu, koma mwini wake anali iye, choncho zinayenera kuchoka nthawi yomweyo. Kenako mphamvu zonse zimene zinkamupatsa iye ulamuliro pa makhadi a ena zimatha. Akanakhala kuti anakulandani chilombo ndi Control Magic, chikanabwerera kwa inu. Pomaliza, ngati pali khadi la wina limene akulilamulirabe, limapita ku exile, malo oikako makhadi ochotsedwa m'masewera. Izi zimachitika, mwachitsanzo, ngati anagwiritsa ntchito Bribery kutulutsa chilombo m'deki mwanu n'kuchiika patebulo mbali yake: chilombocho simunachilamulirepo inu, ndiye iye akatuluka sichibwera kwa inu koma chimapita ku exile. Mfundo imeneyi imadabwitsa anthu ambiri tsiku loyamba kuiona.

Za lifelink nazonso zinayenda motsatira lamulo. Zilombo zimene munatumiza kwa iye zinapitiriza kukhala zoukira, koma malamulo a gawo lomwelo la 800.4 amanena kuti munthu amene watuluka samenyedwa, ndipo lifelink imapereka moyo pokhapokha chilombo chamenyadi. Simukanathanso kuzitembenuzira kwa wina, chifukwa wolandira nkhondo amasankhidwa kamodzi, pa nthawi yolengeza zilombo zoukira. Ngati mnzanuyo amawadziwa malamulowa, ndiye kuti anasankha mphindi imene inakupwetekani koposa ina iliyonse. Akanagonja Insurrection isanagwire ntchito, kapena musanalengeze zoukira, mukanakhala ndi mwayi wogawanso zilombo zotsalazo.

Namzeze wa ku Luwinga

Achimwene, a Kadzidzi afotokoza bwino lamulo lolembedwa, ndiye ine ndinena za funso lanu lachitatu, chifukwa gulu lathu la kuno ku Luwinga linadutsamo m'zomwezi. Kwathu kunali Sword of Feast and Famine, khadi limene chilombo chako cholinyamula chikamenya munthu, iye amataya khadi limodzi ndipo makhadi ako onse a land, opereka mana, amadzukanso kuti uwagwiritsenso ntchito. Mnzathu anagonja nkhondo itayamba kale kuti mwini lupangayo asadzutse ma land ake, ndipo tinakangana mpaka tiyi anazizira.

Chimene tinagwirizana ndi chakuti munthu amagonja pa nthawi yokhayo imene akanatha kuponya khadi la sorcery, ndiko kunena pa nthawi yake yosewera, pa main phase (gawo loponyera makhadi, nkhondo isanayambe kapena itatha), pa stack popanda kanthu. Si ife tinayambitsa zimenezi, magulu ambiri a Commander kunja amachita chomwecho, ndipo zimalowa m'zimene osewera amazitcha Rule 0, kukambirana kwa gulu masewera asanayambe. Ubwino wake ndi wakuti pa nthawi imeneyo palibe amene watumiza chilombo kapena kuthira mana yake podalira kuti iwe ulipo.

Koma tinaona msanga kuti lamulo lotere silingagwire ntchito ngati silikumbukira moyo wa kuno. Mvula ya Mzuzu siipempha chilolezo, a kabaza amachepa usiku ndipo mtengo umakwera, ndipo munthu akaimbiridwa foni kuti mwana watentha thupi sitingamuuze kuti adikire main phase yake. Choncho tinawonjezera kuti amene ayenera kunyamuka anyamuke nthawi iliyonse, koma ife otsala timamaliza nthawi yosewera imene ili mkatiyo ngati kuti iye akadali pampando. Satchinga ndipo saponya khadi lililonse, koma akhoza kumenyedwa, ndipo lifelink kapena lupanga lija zimagwira ntchito. Ngati watenga makhadi ake, timadula timapepala n'kulemba mayina ndi mphamvu za zilombo zimene wina ankazilamulira. Nthawi yosewerayo ikatha, timapepalato timachoka, ndipo kuyambira pamenepo timatsatira 800.4a monga a Kadzidzi anenera. Pa nkhani yanu, zilombo zitatu zija zikanamenya wa moyo 17 uja zili timapepala.

Ndisabise kuti lamuloli lili ndi pobowoka. Munthu amene ma land ake onse apsa ndi Armageddon (khadi lowononga ma land onse a patebulo) ndipo alibe chochita amakakamizika kukhala pansi kudikira anthu atatu asewere kaye, ndipo pali madeki ena amene nthawi imodzi yosewera imatenga mphindi 20. Pa zoterezi timalola kuti ngati onse otsala avomereza kuti wina wapambana, agonje pamodzi, titole makhadi n'kuyamba masewera ena. Chimene sitilola ndi chakuti mmodzi agonje yekha pakati pa nkhondo.

Mfundo ina ndi yakuti musabweze mmbuyo zotsatira za Loweruka. Panalibe pangano, ndiye amene anapambana anapambanadi, ndipo mukayamba kumulanda chipambano chake mudzakhala ndi anthu awiri okwiya m'malo mwa mmodzi.

Nanzikambe wa ku Zolozolo

Akuluakulu, mundilole ndiime kumbali ya mnzathu amene sali pano kuti adziyankhire. Ine sindikuona cholakwa chachikulu pa zimene anachita. Commander ndi masewera a ndale za patebulo, ndipo tonse timachita zinthu zosatithandiza kupambana koma zolanga amene watipweteka. Munthu akaona kuti akufa amaponya makhadi ake onse ophera zilombo pa amene akumupha, ndipo palibe amene amati kumeneko n'kunyanyala. Nanga kugonja kukusiyana pati? A Gologolo anatenga zilombo za munthu kuti aphere wina, pa nthawi yomweyo akupha mwini zilombozo, ndipo akuyembekezera kuti iye akhale chete kudikira imfa yake pamene zilombo zake zikugwirira ntchito womupha. Ine ndikanakhala pampando umenewo sindikulonjeza kuti ndikanachita zosiyana.

Komanso aliyense woika Insurrection m'deki mwake ayenera kudziwa kuti akumanga nyumba ndi njerwa zobwereka. Njira yotetezeka inalipo: kutumiza zilombo za munthu kwa mwini wake yemweyo, ndipo zilombo za ena kwa ena. Mukatero, akagonja zilombo zake zimachoka pamodzi ndi amene zinkafuna kumumenya, ndipo inu simutaya kanthu. A Gologolo, kodi zilombo zotsalazo zinali ndi mphamvu zingati? Ngati zinkafika 17, ndiye kuti masewerawo munawataya nokha pogawa zoukira.

Lamulo la achemwali a ku Luwinga ndikulimvetsa, koma ndikuopa kuti limakondera madeki amene amakhalira kulanda za eni. Mukachotsa mantha akuti mwini makhadi akhoza kutuluka, makhadi olanda amakhala amphamvu kuposa mmene opanga masewera anawasiyira.

Gologolo wa ku Katoto

A Nanzikambe, zotsalazo zinali ndi mphamvu 12 pamodzi ndi changa cha lifelink, choncho sizikanafika pa 17. Njira yokhayo yotulutsira anthu awiri inali imene ndinasankha. Ndikuvomereza kuti sindinaganizeko n'komwe kuti munthu angagonje pamenepo, ndipo kusaganizako n'kwanga.

Kadzidzi wa ku Chiputula

A Nanzikambe, mfundo yanu yotumiza zilombo kwa mwini wake ndi yanzeru, ndipo aliyense wosewera ndi anthu osawadziwa aisunge. Koma pa kufananitsa kugonja ndi kuponya makhadi omaliza, pamenepo tasiyana. Khadi lophera chilombo limafuna mana, limafuna kuti munaliika m'deki ndipo munalisunga m'manja, limapita pa stack, ndipo wina akhoza kuliletsa. Zonsezi ndi masewera. Kugonja sikufuna mana, aliyense ali nako kuyambira mphindi yoyamba, ndipo palibe chokuletsa. Anakusiya kotero kuti munthu akhale ndi khomo lotulukira, ndipo amene akukugwiritsa ntchito ngati khadi ali ndi khadi limene palibe wina patebulo angaliyankhe. Gulu likangovomera zimenezi, sipatenga nthawi kuti muyambe kumva mawu akuti "mukandimenya ndigonja," ndipo amene amataya kwambiri ndi munthu amene wasewera bwino maola awiri kuti afike pa mphindi imeneyo. Onaninso kuti mnzawo wa a Gologolo sanapindule kanthu. Analuza chimodzimodzi, ndipo chokhacho chimene anachita ndi kusankha amene apambane pakati pa otsala. Lero wasankha motsutsana ndi a Gologolo, koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Zakuti makhadi olanda amalimba, ndikuvomereza pang'ono, koma Insurrection imadya mana 8 ndipo ikhoza kuletsedwa ngati khadi lina lililonse. Mtengo wake ndi umenewo.

Pali malire amodzi amene ndikufuna gulu lililonse liwalembe, kaya latenga lamulo la ku Luwinga kapena ayi. M'mipikisano yovomerezeka ya Magic n'koletsedwa kulonjeza munthu kanthu kuti agonje, ndipo n'koletsedwanso kusankha wopambana poponya ndalama kapena dayisi m'malo mosewera. Kunyumba kulibe woweruza, koma mawu akuti "gonjani pano ndikugulirani mayunitsi" kapena "ndikulipirirani kabaza" akangomveka kamodzi, ngakhale mwanthabwala, masewera asanduka malonda. Ndikumbutsenso amene mumasewera Two-Headed Giant, ya awiriawiri yokhala ndi moyo 30 wogawana, kuti kumeneko mmodzi akagonja timu yonse yaluza nthawi yomweyo, choncho musagonje musanafunse mnzanu.

Namzeze wa ku Luwinga

Kuwonjezera pa zimene a Kadzidzi anena, achimwene a ku Katoto mukamakambirana ndi gulu lanu mukumbukire za monarch (ufumu wopatsa wosewera khadi lowonjezera kumapeto kwa nthawi yake, umene amaulanda ndi amene wamumenya ndi chilombo) ngati wina ali ndi makhadi ake, chifukwa ifenso tinasokonezeka nazo. Amene ali monarch akatuluka, ufumuwo umapita kwa amene ikumukhudza nthawi yosewera imeneyo, ndipo ngati wotulukayo ndi mwini nthawiyo, umapita kwa wotsatira wake pamzere. Izi zikutanthauza kuti ngakhale munthu wogonja pa main phase yake amapereka ufumu kwa amene wakhala kumanzere kwake, amene sanaumenyere nkhondo. Ife tinangozivomereza, poti aliyense amadziwiratu amene adzaulandire ndipo palibe amene wathira mana yake pachabe.

Gologolo wa ku Katoto

Zikomo kwambiri nonse. Ndawerengera anzanga atatu aja zimene mwalemba, ndipo ndapepesa kwa mnzathuyo chifukwa chomunena kuti anaphwanya lamulo pamene sanaphwanye. Iye sanapepese, ndipo akuti a Nanzikambe amulankhulira zonse zimene zinali kumtima kwake, koma wavomera kuti kuyambira Loweruka likubwerali titsatire njira ya ku Luwinga pamodzi ndi timapepala tija. Wapempha chinthu chimodzi, chakuti pangano limeneli tizilinena mokweza tisanagawe makhadi nthawi iliyonse pakabwera mlendo, ndipo tonse taona kuti n'zoyenera.

Ndatsala ndi funso limodzi laling'ono kwa a Kadzidzi. Wa moyo 33 uja ali ndi Banishing Light ndi Oblivion Ring m'deki mwake, ndipo amakhala kutali kuposa tonse, choncho kawirikawiri ndiye amayamba kunyamuka. Akatuluka, makhadi athu amene anawatsekera pansi pa awiriwa amabwerera kwa ife kapena amatsalira ku exile?

Kadzidzi wa ku Chiputula

Achimwene, makhadi awiriwa amaoneka ngati amapasa koma pa nkhani imeneyi amasiyana. Banishing Light imanena kuti khadi likhale ku exile mpaka iyo itachoka patebulo, ndipo kubwerako kuli mkati mwa mphamvu yomweyo imene inalitsekera, sikudutsa pa stack. Choncho mwini wake akatuluka, Banishing Light imachoka naye ndipo khadi lanu limabwerera patebulo nthawi yomweyo. Oblivion Ring inalembedwa mwa kalembedwe kakale, kokhala ndi mphamvu ziwiri zosiyana: ina yotsekera khadi pamene ikulowa, ina yolibweza pamene ikuchoka. Yachiwiriyi imayenera kupita pa stack m'dzina la mwini wake, ndipo munthu amene watuluka m'masewera sangaike kanthu pa stack, ndiye khadi lanu limatsalira ku exile mpaka masewera atha. Ngati mukuona kuti wayamba kuyang'ana kumwamba ndi kufunsa za kabaza pamene chilombo chanu chili pansi pa Oblivion Ring, iphwanyeni iye asananyamuke.